Bowa wa lion's mane: kalimidwe kake ndi zimene zikunenedwa za ubongo

Amene amayenda pa Facebook kapena TikTok masiku ano akukumana ndi malonda a bowa wina woyera, wamaonekedwe achilendo, amene ogulitsa akumutchula kuti lion's mane. Ena akugulitsa ufa wake m'mabotolo, ena akuusakaniza ndi khofi, ndipo ku Britain, ku America ndi ku South Africa kuli makampani ogulitsa matumba okonzeratu, oti munthu akangowang'amba bowa amere m'nyumba mwake. Otsatsa akuti bowayu amawonjezera nzeru, amathetsa kuiwalaiwala, komanso akuti mlimi angaphe naye makwacha mosavuta. Alimi ena a bowa wa oyisitara, amene amalimidwa kale m'madera athu, akufunsa ngati angalime bowa watsopanoyu m'nyumba zomwezo komanso ndi migolo yomweyo.

Kulimika amalimika ndithu, koma safanana ndi oyisitara. Chimene amadya n'chosiyana, ukhondo umene amafuna ndi wokhwima kwambiri, ndipo sakondwa ndi kutentha.

Ndi bowa wanji?

Dzina lake la sayansi ndi Hericium erinaceus. Dzina la Chingerezi lija limatanthauza manyenje a mkango, ku China amamutcha houtou gu, kutanthauza bowa wa mutu wa nyani, ndipo ku Japan amati yamabushitake. Alibe chipewa ndi tsinde ngati bowa amene tinazolowera. Amakhala chibulumwa choyera, chachikulu ngati nkhonya kapena kuposa apo, chokutidwa ndi timinga tofewa tolendewera pansi. Pa timinga timeneti m'pamene pamapangidwa tinjere tosaoneka ndi maso timene bowa amaberekana nato.

Kwawo ndi m'nkhalango za m'mayiko ozizira a ku North America, ku Ulaya ndi ku Asia. Kumeneko amamera chakumapeto kwa nyengo yotentha mpaka kuzizira kutayamba, pa mitengo yakufa kapena pamabala a mitengo yamoyo ya oak, beech, maple ndi walnut. Ku Britain ndi wosowa kwambiri m'tchire moti amatetezedwa ndi lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981, ndipo kumuzula ndi mlandu. Pafupifupi bowa yense amene akugulitsidwa m'misika ndi wolimidwa, ndipo wochuluka amachokera ku China, kumene anthu akhala akumudya ngati ndiwo komanso ngati mankhwala achikhalidwe kuyambira kalekale.

N'chifukwa chiyani uyu amalimika pamene ndelema salimika?

Funsoli limathandiza kumvetsa kalimidwe konse. Chimene timazula n'kuphika ndi chipatso chabe. Thupi lenileni la bowa ndi ulusi woyera wopyapyala umene umayanga mkati mwa nthaka kapena mtengo, ndipo akatswiri amautcha maiseliyamu. Ulusiwu ndi umene umadya n'kumakula, ndipo nyengo ikaulola umatulutsa bowa.

Mitundu ya bowa imasiyana pa kumene ulusi wake umapeza chakudya. Ndelema ndi manyame amadalira mizu ya mitengo yamoyo ya m'nkhalango zachilengedwe monga mombo ndi msuku: mtengo umapereka shuga, bowa n'kuthandiza mtengowo kutenga madzi ndi michere m'nthaka. Utale ndi nyonzwe amalimidwa ndi chiswe mkati mwa chulu. N'chifukwa chake bowa wotereyu timangomudikira nthawi ya dzinja, ndipo nkhalango ikatha iyenso amatha. Lion's mane ali m'gulu la bowa wodya zakufa, limodzi ndi oyisitara ndi shiitake. Ulusi wake umatulutsa timadzi tosungunula thabwa louma n'kulisandutsa chakudya. Safuna mtengo wamoyo kapena chiswe. Mukamupatsa thabwa lakufa, madzi ndi mpweya, amakula ngakhale m'thumba la pulasitiki.

Chakudya chake

Maziko ake ndi utuchi wa mitengo ya masamba otambalala. Utuchi wokha umabereketsa pang'ono chifukwa uli ndi nayitirojeni wochepa, choncho alimi amawonjezera madeya a tirigu kapena a mpunga, magawo 10 mpaka 20 pa magawo 100 aliwonse a zouma. Alimi ambiri ang'onoang'ono a ku America amakonda kusakaniza utuchi ndi makoko a soya theka ndi theka, kasakanizidwe kamene amakatcha Master's Mix. Ku China amagwiritsanso ntchito makoko a njere za thonje ndi zitsononkho zogaya. Zimenezi n'zolimbikitsa kwa mlimi wa kuno, chifukwa madeya, soya, thonje ndi zitsononkho si zinthu zachilendo.

Pa utuchi m'pamene pali vuto. Utuchi umene umapezeka wambiri m'malo ocheka matabwa, monga m'dera la Chikangawa, ndi wa paini, ndipo paini ali ndi utomoni umene umabweza m'mbuyo ulusi wa bowayu. Mitengo yathu yolimba imene akalipentala amaikonda, monga mlombwa, imakondedwa chifukwa choti siwola msanga. Kusawolako kumachokera ku mankhwala achilengedwe a mumtengomo amene amalimbana ndi bowa. Choncho utuchi wa mtengo uliwonse watsopano umafunika kuuyesa kaye m'matumba ochepa musanadzaze nyumba yonse. Utuchi wa matabwa opaka penti, othiridwa mankhwala ophera chiswe kapena omata ndi guluu ndi wosayenera konse, popeza chotulukamo ndi chakudya cha anthu.

Madzi azikhala pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera kwa zosakanizazo. Poyesa, tapani zodzaza dzanja n'kufinya mwamphamvu. Pazituluka kadontho kamodzi kapena tiwiri pakati pa zala. Madzi akachita kuyenderera ndiye kuti achuluka, mpweya sulowa mkati, ndipo pansi pa thumba padzawola. Mukatambasula dzanja utuchi n'kumwazika ngati mchenga, madzi achepa.

Kupha tizilombo: pamene ntchito imagwera ambiri

Mlimi wa oyisitara amaika mapesi a chimanga kapena zotsalira za thonje mumgolo, n'kuzitenthetsa ndi nthunzi kapena madzi otentha kwa ola limodzi kapena awiri, basi. Njirayi sipha tizilombo tonse, imangotichepetsa, ndipo imakwanira chifukwa mapesi alibe chakudya chambiri chokopa chuku, komanso ulusi wa oyisitara umathamanga n'kulanda malo onse adani asanadzuke.

Kwa lion's mane zimenezi sizikwanira. Taganizirani munda umene mwathira feteleza wambiri, koma chimanga chake n'chokula pang'onopang'ono: fetelezayo amadyetsanso udzu, ndipo mukapanda kulima bwino poyamba, udzu ndi umene upambane. Madeya ndi makoko a soya zimakometsa utuchi kwa bowa, koma zimaukometsanso kwa chuku ndi mabakiteriya. Ulusi wa lion's mane ndi wofooka pa mpikisano wotere. Kuti upambane, uyenera kuyamba wokha m'thumba lopanda chamoyo china chilichonse.

Apa m'pamene pamafunika poto wotseka wophikira ndi mphamvu ya nthunzi, uja wa pressure cooker, kapena makina aakulu ogwira ntchito yomweyo otchedwa otokilevu. Madzi owira mumphika wamba sapitirira madigiri 100, ndipo kumalo okwera monga Dedza kapena Mzuzu amawira asanafike n'komwe pamenepo. Mabakiteriya ena amadzitsekera m'tizigoba timene timapirira kutentha kumeneko kwa nthawi yaitali. Mumpoto wotseka, nthunzi ikapanikizika kufika pa 15 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya kupanikizikako), kutentha kumafika pafupifupi madigiri 121. Matumba olemera makilogalamu awiri kapena awiri ndi theka amafunika kukhala pa kutentha kumeneku kwa maola awiri kapena awiri ndi theka kuti kulowerere mpaka pakati. Nthawi imayamba kuwerengedwa muyezo ukafika, osati moto ukayatsidwa. Matumba ake ndi apadera, opangidwa ndi pulasitiki wa polypropylene amene sasungunuka, ndipo amakhala ndi kachigamba kosefa mpweya kuti ulusi uzipuma popanda fumbi kulowa. Jumbo wamba amasungunuka.

Alimi ena amagwiritsabe ntchito mgolo wa nthunzi wopanda mphamvu yopanikiza, koma amautenthetsa mosalekeza kwa maola 12 kapena kuposa apo, ndipo ambiri amachepetsa madeya kuti chuku chisakopeke. Njirayi imadya nkhuni kapena gasi wambiri, ndipo matumba owonongeka amachulukirapo. Munthu wowerengera phindu asaiwale mtengo wa motowu, chifukwa si wochepa.

Mdani wodziwika kwambiri ndi chuku chobiriwira chotchedwa Trichoderma. Chimayamba choyera mbee, chowirira kuposa ulusi wa bowa, moti wongoyamba kumene amasangalala poganiza kuti mbewu yagwira mwamphamvu. Pakapita masiku awiri kapena atatu pakati pake pamasanduka pobiriwira. Zikatero tinjere take tapsa kale, ndipo thumbalo silifunika kutsegulidwa m'nyumba. Litulutseni lili chitsekere, mukalitaye kutali. Mabakiteriya amadziwika ndi fungo lowawasa ndiponso malo onyowa oterera m'mbali mwa thumba.

Kuthira mbewu

Chimene alimi amachitcha mbewu ya bowa si njere ayi. Ndi mapira, mawere kapena tirigu wophikidwa amene ulusi wa bowa wayanga kale, ndipo njere iliyonse ikagwera mu utuchi imakhala poyambira pa ulusi watsopano. Ulusiwo umayambira m'mbale zing'onozing'ono za m'labotale, n'kusamutsidwira m'mabotolo a mapira. Kupanga mbewu ndi luso lapalokha, ndipo woyamba kumene amachita bwino kugula kwa wopanga wodalirika. Woitanitsa kunja ayambe wafunsa za chilolezo ku nthambi yoona za matenda a mbewu, pakuti zamoyo zotere sizidutsa pamalire mwachisawawa, komanso mbewu ikakhalitsa panjira m'malo otentha imafika itafooka.

Matumba ayambe azizira bwinobwino, apo ayi mbewu ipsa. Kenaka imabwera mphindi yoopsa kwambiri pa ntchito yonse: thumba limene lakhala maola pamoto liyenera kutsegulidwa. Mafamu aakulu amachitira zimenezi kutsogolo kwa makina ouzira mpweya wosefedwa. Mlimi wamng'ono amagwiritsa ntchito bokosi loonekera mkati lokhala ndi mabowo awiri olowetsa manja, m'chipinda chotseka mawindo kuti mpweya usayende. Manja, mpeni, kunja kwa botolo ndi mkati mwa bokosi zimapukutidwa ndi sipiriti ya mphamvu ya 70 peresenti, pakamwa ndi mphuno n'kuphimba. Mbewu imathiridwa magawo 5 mpaka 10 pa 100 a kulemera kwa thumba, thumbalo n'kumatidwa ndi kukhutchumulidwa kuti mbewu ifike ponseponse.

Matumba amasungidwa pa madigiri 21 mpaka 24 kwa milungu iwiri kapena itatu. Kuwala sikufunika pa nthawiyi. Pano pali chinthu chimene chimasokoneza anthu ozolowera oyisitara. Thumba la oyisitara likakhwima limayera lonse. La lion's mane siliyera choncho: ulusi wake ndi wopyapyala, wotuwa pang'ono, ndipo utuchi umaonekabe. Ambiri amadikira kuyera kumene sikudzabwera, mpaka bowa amayamba kumera mkati mwa thumba, pamwamba pa utuchi, n'kupinimbira chifukwa chosowa mpweya. Zizindikiro zodalirika n'zakuti utuchi wagwirana kukhala chinthu chimodzi cholimba, ndipo timibulu toyera tayamba kuoneka pansi pa pulasitiki.

Mpweya, chinyezi ndi kuzizira

Thumba likakhwima, pindani pulasitiki wapamwamba kuti musatsale mpata wa mpweya, n'kucheka kabowo kamodzi kapena tiwiri m'mbali, kotalika masentimita awiri kapena atatu. Ulusi umamva mpweya wabwino pa kabowopo ndipo mphamvu zonse zimathamangira pamenepo. Mabowo akachuluka mumapeza tibowa tambiri tating'ono m'malo mwa chibulumwa chimodzi chachikulu. Kucheka m'mbali kumathandiza kuti timinga tilendewere momasuka.

Zinthu zitatu ziyenera kuyendera limodzi, ndipo kuvuta kwake n'kwakuti zimalimbana. Kutentha kukhale pakati pa madigiri 16 ndi 21. Kukapitirira 24 bowa amakula monyentchera. Chinyezi cha mumpweya chikhale magawo 85 mpaka 95 pa 100. Mpweya uzisinthidwa pafupipafupi, chifukwa bowa amapuma ngati ife, amatenga okosijeni n'kutulutsa kaboni dayokisaidi, ndipo alimi amayesetsa kuti mpweya wotulukawu usapitirire muyezo wa 1,000 ppm, kutanthauza magawo 1,000 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya wa m'chipinda. Mukatseka chipinda kuti chinyezi chisathawe, mpweya woipa umadzaza. Mukatsegula kwambiri, bowa amauma. Mafamu amathetsa zimenezi ndi makina otulutsa nkhungu ya madzi pamodzi ndi fani yokoka mpweya kunja. Wopanda makina amanyowetsa pansi ndi masaka opachika m'makoma, n'kusiya timipata pamwamba ndi pansi.

Ubwino wake, bowayu amaonetsa yekha chimene chikumuvuta. Mpweya woipa ukachuluka sapanga chibulumwa, amachita nthambinthambi zopyapyala zotalikirana, timinga take n'kukhala tosalongosoka. Akachita chikasu kapena kuderako pamwamba asanakule, ndiye kuti wauma kapena wina wamuwaza madzi mwachindunji. Madzi amawazidwa mumpweya ndi m'makoma, osati pa bowa. Akakhala wamng'ono nthawi zina amaoneka wofiirira pang'ono, makamaka kukazizira kapena kuwala kukachuluka, koma mtunduwu umatha akamakula ndipo si matenda. Kuwala kofunika ndi kochepa, kokwanira kuwerenga nyuzipepala, osati dzuwa lomuwomba.

Kukolola ndi kusunga

Kuchokera pocheka thumba mpaka pokolola pamapita masiku 10 mpaka milungu iwiri, nthawi zina kupitirirapo kukazizira. Nthawi yabwino ndi pamene timinga tatalika theka la sentimita mpaka sentimita imodzi, bowa akadali woyera komanso wolimba mukamugwira. Akapitirira amafewa, amachita chikasu, amayamba kuwawa, ndipo amamwaza fumbi loyera la tinjere. Ogwira ntchito m'zipinda za bowa tsiku ndi tsiku ayenera kuphimba mphuno, chifukwa fumbi la tinjere ta bowa likapumidwa nthawi yaitali limatha kuvutitsa mapapo.

Pokolola mumagwira chibulumwa chonse n'kupotokola pang'ono, kapena kudula ndi mpeni pafupi ndi thumba. Thumba la makilogalamu awiri ndi theka likayenda bwino limapereka pafupifupi theka la kilogalamu ulendo woyamba, ndipo likapuma sabata imodzi kapena ziwiri limaberekanso kachiwiri, mwina kachitatu, koma zokolola zimanka zichepa. Zotsalira zake ndi manyowa abwino a kudimba.

Bowa wamuwisi sachedwa kuwonongeka. Paliponse pamene chala chadinikiza pamada, ndipo mufiriji amakhala pafupifupi sabata imodzi. Amamwa madzi kwambiri, choncho satsukidwa, amangosasidwa. Pophika amang'ambidwa kapena kudulidwa mapisi, n'kuikidwa mu felempani youma kuti madzi ake atuluke, mafuta n'kubwera pambuyo. Ambiri amati kakomedwe kake kamafanana ndi nyama ya nkhanu. Poti gawo lalikulu la bowa ndi madzi, makilogalamu 10 a wamuwisi amatsala pafupifupi kilogalamu imodzi akauma.

Ilipo njira ina yosafuna poto wa nthunzi: kubowola zipika zongodulidwa kumene, kukhomeramo timitengo tokhala ndi ulusi wa bowa, kumata mabowo ndi phula n'kuziika pamthunzi. Ndi yotsika mtengo, koma bowa woyamba amatha kutenga chaka kapena ziwiri, ndipo kumalo a chiswe zipika zimafunika kuzitchinjiriza.

Nanga za ubongo zija?

Nkhaniyi ili ndi poyambira penipeni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Hirokazu Kawagishi ndi anzake a pa yunivesite ya Shizuoka ku Japan anapeza magulu awiri a mankhwala achilengedwe mu bowayu: ma hericenone, amene ali mu bowa weniweniyo, ndi ma erinacine, amene ali mu ulusi. Atawayesa pa maselo a m'labotale, anaona kuti amalimbikitsa kupangidwa kwa puloteni yotchedwa NGF, imene imathandiza maselo a minyewa kukula ndi kukhala ndi moyo. Puloteniyi ndi imene inapezetsa Rita Levi-Montalcini ndi Stanley Cohen mphoto ya Nobel mu 1986. Kafukufuku wa pa mbewa ndi makoswe waonetsanso zolimbikitsa.

Pa anthu, kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri ndi wa Koichiro Mori ndi anzake, wofalitsidwa mu 2009. Anatenga anthu 30 a ku Japan a zaka 50 mpaka 80 amene anali atayamba kuiwalaiwala pang'ono. Theka anapatsidwa mapiritsi a ufa wa bowayu, pafupifupi magalamu atatu patsiku kwa milungu 16, ndipo enawo anapatsidwa mapiritsi opanda bowa. Omwa bowa anakhoza bwino pa mayeso a kaganizidwe, koma patapita milungu inayi atasiya kumwa, zotsatira zawo zinatsika. Okhulupirira bowayu amaloza kukwerako. Okayika amaloza kuchepa kwa anthu oyesedwa ndi kufupika kwa nthawi, ndipo amakumbutsa kuti chimene chachitika m'mbale ya m'labotale kapena mwa khoswe sichichitika nthawi zonse mwa munthu. Kafukufuku wina amene watsatira pa anthu wakhalanso wa magulu ang'onoang'ono, zotsatira zake n'kukhala zosakanikirana. Ku America, ufa ndi makapisozi otere amagulitsidwa ngati zowonjezera pa chakudya, gulu limene FDA, bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala, siliyamba laliyesa ngati mankhwala lisanalowe pamsika. Wodwala matenda a ubongo, a shuga kapena ena asasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha bowa, ndipo alipo anthu ochepa amene bowayu amawatulutsa ziwengo.

Kalimidwe kamakhudzanso zimene zili m'botolo. Makampani ena amagaya bowa weniweni. Ena amameretsa ulusi pa mpunga kapena oats n'kugaya zonse pamodzi, popeza ulusi sungalekanitsidwe ndi njere zimene wayangamo. Oyambawo amati ufa wa anzawo ndi wodzaza sitachi, ndipo achiwiriwo amayankha kuti ma erinacine amapezeka mu ulusi. Mkanganowu ukadalipo, ndipo wogula amachita bwino kuwerenga pachikuto kuti adziwe chimene wagula.

Mlimi wa kuno awerengere chiyani?

Choyamba ndi nyengo. Madigiri 16 mpaka 21 amapezeka mwachilengedwe m'miyezi ya May mpaka August kumalo okwera monga Dedza, Mzuzu, Thyolo ndi paphiri la Zomba, koma miyezi imeneyi mpweya umakhala wouma m'madera ambiri, choncho chinyezi chiyenera kupangidwa. M'mwezi wa October, kapena kuchigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja, pamafunika makina oziziritsira chipinda, ndipo magetsi akathima maola angapo masana otentha, bowa amene anali pakati pokula amachita chikasu.

Chachiwiri ndi msika. Mitengo yokwera imene imaoneka pa intaneti ndi ya ku London kapena New York, kumene kuli malesitilanti ndi ogula amene amamudziwa kale bowayu. Chinthu chimene chimawonongeka pa sabata imodzi chimafuna wogula wopezekeratu tsiku lokolola lisanafike, kaya ndi hotela, sitolo yaikulu kapena anthu oitanitsa. Kuumitsa kumapereka mpata wosunga miyezi ingapo, koma kumafuna choumitsira chotentha pang'ono, cha madigiri 45 mpaka 55, ndi mabotolo otseka bwino. Amene akufuna kugulitsa ufa m'mapaketi amalowanso m'malamulo a zakudya ndi a zolemba pachikuto, ndipo kulemba kuti ufawo umachiza matenda kumausandutsa nkhani ya oyang'anira mankhwala.